Manda opingasa pafupi ndi mlambe

Ntchito ya pa parishi ndinaipeza chifukwa cha chifuwa. Ndinali nditalembetsa kupita ku migodi ya ku Joni monga anzanga onse, koma dokotala atandimvetsera kumsana anapukusa mutu nandibweza. Ndinatsika sitima pa Balaka ndi bulangeti lomwe ndinanyamuka nalo, chikhalirecho ndinali nditangokwatira Agnesi, amene tsopano anatsogola. Lamulungu lotsatira akatekisiti anandiitanira kuseri kwa tchalitchi nandiuza kuti a Damiyano, amene ankasunga belu ndi manda, maso akuwathera, ndipo pakufunika wowalowa m'malo. "Chifuwa chako chalephera mgodi wa azungu, koma wa kunowu ndi wosaya," anatero. Ndinayamba m'mawa mwake.

Parishi yathu ndi yaing'ono. Mukachoka pa Ulongwe mumapatuka nkuyenda m'kamsewu kafumbi pakati pa milambe. Akhristu tinali ochepa pakati pa Asilamu ambiri, ndipo tinkakwatirana, moti banja lililonse linali ndi mlamu wake ku mzikiti. Mbiri ya malowo ndinaimva kwa a Damiyano. Poyamba panali chisakasa cha udzu ndi kasukulu, ndipo anthu ankawaitana ndi chitsulo cha njanji chomangirira mumtengo. Belu lenileni linabwera pambuyo, pa sitima kenaka pa ngolo ya ng'ombe, nkulipachika pa nsanja ya mitengo. Munthu woyamba kuikidwa m'manda a parishi anali mphunzitsi amene anayambitsa kasukuluko. Anamugoneka miyendo kuloza kukhomo la tchalitchi, ndipo kuyambira apo mizere yonse inatsata iyeyo, kuti tsiku lomaliza onse adzadzuke atayang'ana guwa.

Bambo mfumu, wansembe wa parishi, anali mmodzi yekha, mzungu wokalamba, amene masiku ambiri ankakhala pa njinga yamoto kuyendera matchalitchi a m'midzi. Za masakramenti ndi za malo a m'manda ankalamula ndi iwo. Zina zonse, mabenchi, zida, adzukulu okumba manda ndi kiyi wa kanyumba ka zida, zinali m'manja mwa khonsolo ya parishi, akulu osankhidwa ndi akhristu. Kugawana kumeneku kunkaoneka kwabwino, ndipo masiku ambiri kunalidi kwabwino.

Uthenga wa maliro ukafika, choyamba ndi belu. Belu la Misa umaliimba mothamanga, koma la maliro umakoka kamodzi nkudikira mpaka liwu litatheratu, kenaka nkukokanso. Anthu ali kumunda amadziwa okha, amatula makasu. Chachiwiri ndi bango. Umadula bango lowongoka kudambo, nkupita nalo kusiwa, nkuyeza bokosi m'litali ndi m'lifupi, nkulemba zizindikiro ndi mpeni. Ukabwera kumanda umaligoneka pamzere, kukhoma zikhomo zinayi ndi kuzunguliza chingwe, ndipo apo mpamene adzukulu amayamba. Dothi la kwathu ndi makande. M'dzinja limamata pa khasu ngati phula, m'chilimwe limabweza piki. Amayamba ndi piki, fosholo nkumataya dothi, makoma nkumasalaza ndi khasu la mpini waufupi. Bokosi timatsitsa ndi zingwe ziwiri za khonje. Achibale sakumba manda a m'bale wawo. Ukaona banja likudzikumbira lokha, dziwa kuti mudzi walitaya, ndipo kwathu palibe mwano woposa umenewo.

A Damiyano ankabwera ndi ndodo yawo kudzapapasa zikhomo zanga. "Manda sakumba ndi maso, Lusiyano," ankatero. "Maso amanama. Bango silinama."

Wapampando wa khonsolo anali a Kalonjere, ndipo anali iwo omwe wapampando wa nthambi ya chipani m'dera lathu. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo wopanda khadi lake sankalowa mumsika kapena kukwera basi. Sindinganene kuti a Kalonjere analibe chikhulupiriro. Misa sankajomba, ndipo malata ena a padenga la tchalitchi anapereka ndi iwo. Koma mipando iwiri ija ankaikhala ngati umodzi.

Tsiku lina pa msonkhano wa khonsolo, ine ndikuyala mabenchi kumbuyo, ananena kuti tebulo la makhadi a chipani liziikidwa pakhomo la tchalitchi, kuti aliyense potuluka mu Misa azionetsa lake. Onse anangowerama. Amene anayankha ndi aphunzitsi a Fabiano, mphunzitsi wa pa sukulu yathu, amenenso ankatsogolera kwaya. Sanakweze mawu. "Khadi ndili nalo, a tcheyamani, nali. Koma khomo ilo lili ndi mwini wake. Tebulo likhale kumsewu." A Kalonjere anamwetulira nati nkhaniyo yamveka. Pasanathe mwezi galimoto ya boma inabwera pa sukulu ana ali m'kalasi, ndipo aphunzitsi anakwera choko chili m'manja.

Miyezi inapita popanda uthenga. M'nyengo yotentha, mvula isanagwe, galimoto inabweranso nkutula bokosi lokhomeratu pakhomo pa akazi awo, mayi Rozina, ndi lamulo loti lisatsegulidwe. Achinyamata a chipani, a malaya ofiira amene m'manong'onong'o tinkawatcha chiswe, anakhala pakhonde kulilondera.

Ndinapita kwa bambo mfumu kukafunsa za belu. Ndinawapeza akumanga chikwama pa njinga. "Malo ake umupatse, anabatizidwa," anatero. "Koma belu usalikhudze, mwana wanga, ndipo Misa sikhalako. A boma andiuza kale kuti ndikalankhulanso ndikwera ndege, pano nkukhomapo loko." Analiza njinga nkupita ku tchalitchi lakutali kwambiri mwa onse. Ndaiganizira nkhaniyi zaka zambiri. Mwina anapulumutsa parishi, mwina anangoopa. Akudziwa ndi Mulungu.

Fumbi la njinga lisanathe, a Kalonjere anafika nkutambasula dzanja kuti ndiwapatse kiyi. "Malo apereka abambo, chabwino. Koma khasu ndi la khonsolo, chingwe ndi cha khonsolo, mdzukulu ndi wa khonsolo. Chigawenga chidzikumbire chokha." Anawonjezera kuti m'mawa mwake kukubwera alendo akuluakulu a chipani, amuna onse akakonze bwalo la msonkhano, amayi onse akavine, ndipo ine ndisamutsire mabenchi onse a tchalitchi kubwaloko. Malirowo akhale atatha alendo asanafike, ndipo pasamveke wolira.

Kusiwa sikunapite munthu. Akwaya amene aphunzitsi anawaphunzitsa nyimbo zonse za maliro ankalambalala nyumbayo podzera kumunda. Anapita ndi Agnesi yekha. Sanandifunse. Anangomanga duku nkunena kuti, "Madzi ali mumtsuko, ine ndili kwa mayi Rozina."

Mayi Rozina anabadwira m'Chisilamu cha kwa Mposa, analowa tchalitchi pokwatiwa. Uthenga unafika kwawo, ndipo m'mawa mwake mchimwene wawo, Che Saidi, anabwera pa njinga ndi anzake atatu, asodzi a ku Chilwa, makasu awo atamangirira kumbuyo. Ndinakumana nawo pachipata cha manda, benchi lili pamutu panga, wachinyamata wa chipani ali kumbuyo kwanga ndi ndodo. Dzina lake anali Jemusi. Anaphunzira kwa a Fabiano ndipo ankaimba m'kwaya.

"Akulu, alamu athu tiwakumbire pati?" anafunsa Che Saidi.

Ndinaloza ndi chibwano. "Kumapeto uko, pafupi ndi mlambe."

"Tiyeni, a bishopu," anatero Jemusi akundibaya ndi ndodo m'nthiti. "Ulaliki madzulo."

Bango sindinadule, zikhomo sindinakhome, ndipo ngakhale ndikadadula, achinyamata aja sakadandilola kuyandikira bokosi. Ndinasenza mabenchi m'mawa wonse, ulendo ndi ulendo, ndikudutsa patali ndi manda nkumangoona dothi likuuluka pansi pa mlambe. Benchi lomaliza litafika, dzuwa lili pafupi kufika paliwombo, ndinathamanga kubwerera.

Che Saidi anandilandira ali m'dzenje, thukuta litasakanikirana ndi dothi, matuza a m'manja ataphulika. Anakumba makande a m'chilimwe popanda piki. "Taonani ntchito, akulu," anatero akumwetulira. "Makoma ngati a nyumba ya bwana. Alamu agona bwino."

Analidi manda okongola, koma anali a Chisilamu. Anapingasa mzere wathu, chifukwa iwo amagoneka munthu cham'mbali nkhope itayang'ana kumpoto. Anali opapatiza, ndipo pansi, m'khoma limodzi, anakumba kachipinda kolowetsamo thupi lokulungidwa m'nsalu yoyera. Ndinafunsa ngati bokosi analiona.

"Tinaliona," anayankha. "Si chonyamulira chabe? Ife tikafika kumanda timatsitsa munthu, jeneza nkubwerera ku mzikiti. Ili ndi la boma, alitenga eni ake."

Nditawauza kuti ife timaika munthu ndi bokosi lomwe, ndiponso kuti ili laletsedwa kutsegula, kumwetulira kunatha. Anatola khasu kuti ayambe kukulitsa, koma nthawi yomweyo kunafika wachinyamata kudzanena kuti akanyamule maliro tsopano lino, apo ayi bokosi akalitaya kudambo. Anatuluka m'dzenje onse anayi nkupita.

Zingwe zotsitsira zinali m'kanyumba kokhoma. Chingwe chokha chimene chinatsala pa parishi chinali cha belu. Ndinakwera nsanja, nkuvula malaya, nkukulunga lilime la belu kuti lisagunde, chifukwa likadalira kamodzi kokha tonse tikadakwera galimoto ija. Ndinamasula mfundo ndi mano, nkutsika, nkudula chingwecho pakati ndi chikwanje cha asodzi aja kuti zikhale ziwiri.

Maliro anafika opanda nyimbo. Asilamu anayi atasenza bokosi, kumbuyo kwawo mayi Rozina ndi Agnesi atagwirana, kumbuyo kwenikweni achinyamata akuseka ndi kutafuna nzimbe. Tinakulunga zingwe nkuyamba kutsitsa pang'onopang'ono. Bokosi linalowa mpaka muyezo wa m'mawondo nkukanirira, kumutu kutatsika, kumiyendo kutakwera. Tinayesa kulikweza, osatheka. Makande analigwira mbali zonse.

Apo mpamene a Kalonjere anafika pa njinga, atavala jekete la msonkhano. Che Saidi anavula chisoti. "Bwana, tipatseni kanthawi tikulitse. Kapena tiloleni timutulutse, nsalu yoyera tili nayo. Malo ake pansipo alipo kale."

"Bokosi la boma silitsegulidwa," anatero a Kalonjere. "Nthawi ndinakupatsani, inu mwakumba mwendo wa buluku. Alendo afika kale pa Ulongwe. Jemusi, tawathandiza asodzi athuwa."

Jemusi anataya nzimbe nkulumphira pabokosi ndi nsapato. Analiponda, nkudumpha, nkulipondanso. "Aphunzitsi, lowani m'kalasi, belu lalira!" anafuula, anzake nkufa nazo ndi phwete. Wina analumphiranso. Bokosi linatsika pang'ono, kenaka thabwa la kumiyendo linang'aluka nkutumphuka.

Tinaona phazi. Linali lotupa, lakuda bii, ndipo zikhadabo panalibe. Sindilemba zambiri za phazi limenelo. Mayi Rozina anatulutsa liwu limodzi lalifupi nkudzitseka pakamwa ndi nsalu, akuiluma.

"Ndani walira?" anafunsa a Kalonjere.

Agnesi anamasula duku lake, nkugwada m'mphepete mwa dzenje, nkuweramira pansi kufunditsa phazilo, nkulowetsa nsonga za dukulo m'ming'alu ya thabwa kuti dothi lisafikepo. Anadzuka mutu uli pamtunda, pamaso pa amuna onsewo. "Palibe walira, bambo," anatero. "Mwamva thabwa."

A Kalonjere anatembenukira kwa asodzi aja. Kenaka anati, "Kwirirani."

"Bwana, sanafike pansi," anatero Che Saidi. "Agalu adzafukula."

"Agalu nawonso ndi a Mulungu. Kwirirani."

Tinasolola zingwe nkukwirira momwemo, bokosi litapendekeka, pansi pake pali mphako, ndipo kachipinda kokongola kamene Che Saidi anakasalaza ndi manja kanatsala kopanda munthu. Ine ndinanena Atate Athu chamumtima. Asodzi aja anatambasula zikhato nkunong'ona zawo. Kubwalo ng'oma zinali zitayamba, ndipo achinyamata anathamangira komweko kuti asaphonye nyama.

Lamulungu lotsatira belu silinalire, chifukwa linalibe chingwe. Misa itatha a Kalonjere anandigwaditsa pakhomo la tchalitchi, pambali pa tebulo la makhadi limene tsopano linali pomwepo, nkuuza mpingo kuti ndaononga katundu wa khonsolo. Zidutswa ziwiri za chingwe zija anandikoleka m'khosi, ndipo ndinagwada padzuwa mpaka munthu womaliza atatuluka. Anthu ankandilambalala maso ali pansi. Ntchito akadandichotsa, koma bambo mfumu anati wosunga manda amalembedwa ndi wansembe, ndipo pa chimenecho sanasunthe. Agnesi anachotsedwa m'bungwe la amayi, ndipo kwa nthawi yaitali ankatunga madzi yekha, anzake akamuona pachitsime nkumadikira patali.

Che Saidi anamugwira pamsewu pobwerera kwawo. Anatuluka m'ndende patapita nthawi, khutu limodzi litagontha. Mayi Rozina anabwerera kwa Mposa ndi ana, ndipo m'tchalitchi lathu sanalowemonso.

Agalu anabweradi mvula yoyamba itagwa, dothi litatitimira. Ndinayamba kututa miyala kumtsinje, wochepa lero wochepa mawa, pobwera kokatunga madzi a maluwa a paguwa, mpaka mtumbira wonse unakwiririka. Palibe anandiletsa, poti miyala sinali ya khonsolo.

Che Saidi ndinakumana naye kamodzi pa msika wa Ulongwe akugulitsa matemba, patapita zaka. Za khutu lake sananene kanthu, za a Kalonjere sananene kanthu. Anandigwira dzanja osalisiya. "Akulu, ine ndinakumba monga ndidziwira," anatero. "Ndikadafunsa. Mlongo wanga sakadaona phazi lija." Ndinamuuza kuti amene anaponda bokosi si iye, ndipo kuti m'parishi monse munalibe mkhristu amene anagwira khasu tsiku limenelo. Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti mawu anga alowera ku khutu logontha lija. Mwa anthu onse amene anaimirira pa manda aja, amene anasenza mlandu mumtima mpaka kufa ndi yekhayo amene anabwera kudzathandiza.

A Kalonjere anamwalira atakalamba, zinthu zitasintha kale m'dziko. Ndinaimba belu lawo monga mwa mwambo, kamodzi nkudikira, kamodzi nkudikira. Ndinadula bango, ndinakayeza bokosi lawo, ndipo linatsika bwinobwino osakhudza khoma. Mzere unali utafika pafupi ndi mlambe. Ana awo atabwera kudzamanga chiliza anapempha kuti mulu wa miyala uja usalazidwe, ati ukuononga mzere ndipo ukutchinga simenti yawo. Khonsolo inavomera. Ine ndinawakumbutsa kuti malo a m'manda salamula ndi khonsolo, ndipo wansembe wa nthawi imeneyo, mwana wa konkuno, atamva nkhani yonse anati miyala isakhudzidwe. Chiliza cha a Kalonjere anachidula ngodya imodzi kuti chikwane.

Agnesi anagona pa mzere wachitatu kuchokera pamenepo. Ndikapita kukalambula pake ndimalambulanso pa miyala paja.

Chimene ndinasunga pa ntchito imeneyi ndi chaching'ono. Uthenga wa maliro ukafika sindifunsa kuti wamwalira anali ndani kwa ayani. Ndimadula bango, ndimakayeza ndekha, ndipo sindichoka pamanda zikhomo zisanalowe pansi, ngakhale andiitane ndani. Pa muyezo wa bango ndimawonjezera chikhato chimodzi mbali zonse. Adzukulu a masiku ano amadandaula, makamaka m'chilimwe piki ikamabwerera m'manja. Amati, "Agogo, mukutikumbitsa chipinda chochezera? Munthu wake ndi wowonda uyu." Sindikangana nawo. Ndimawatenga nkukawaimika pansi pa mlambe, pa manda opingasa aja, nkuwauza kuti aphunzitsi a Fabiano ali pamuyezo wa m'mawondo pansi pa mapazi awo, mutu uli pansi miyendo ili m'mwamba, atafunda duku la mkazi wanga. Akamva zimenezo amabwerera kukatola mapiki.